Nkhani ya malire a pa nyanja ikamabwerera pa msonkhano uliwonse

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ndi wapampando wa gulu la amalonda odutsa pa chipata cha Songwe, momwe muli Amalawi ndi Atanzania. Akudandaula kuti pa msonkhano uliwonse, kaya akukambirana za msonkho kaya za thumba la chipepeso, pamapezeka woyambitsa nkhani ya malire a Malawi ndi Tanzania pa nyanja ya Malawi, ndipo anthu omwewo amanena mawu omwewo mpaka ena kunyamuka zimene anabwerera zisanakambidwe. Akufunsa ngati ndi bwino kungoiletseratu nkhaniyi.

Bambo, sindikukulangizani kuiletsa. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo nkhani imene mwaitsekera pakhomo la msonkhano idzatulukira m'basi ya ku Mbeya, kumene kulibe wapampando woilamulira. Komanso tsiku limene mudzaletse, amene analankhula komaliza adzaoneka ngati apambana, ndipo enawo adzati mwakondera.

Kawirikawiri mkangano wotere umabwerezedwa chifukwa mbali iliyonse imakayika ngati inzake yamvetsa mfundo yake. Choncho patulani msonkhano umodzi wa nkhani yokhayi, ndipo mlembi alembe pa pepala limodzi zimene onse akuvomereza kuti zinachitika. Pangano la Heligoland, limene Britain ndi Germany anasainirana pa 1 July 1890, linaika malire m'gombe la kum'mawa kwa nyanja, ndipo Malawi amatsamira pamenepo pamodzi ndi chigamulo cha OAU, bungwe lakale la umodzi wa mayiko a mu Africa, cha ku Cairo mu 1964, chakuti mayiko alemekeze malire amene anawapeza polandira ufulu. Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi, monga zimakhalira pa nyanja zina zogawana, ndipo imakumbutsa kuti mapu ena a atsamunda anajambula mzerewo pakati. Kumbali ya Mozambique malire alidi pakati, koma chifukwa cha pangano lapadera la Britain ndi Portugal la mu 1954, ndipo zilumba za Likoma ndi Chizumulu zinakhalabe za kuno. Nkhaniyi inatenthanso mu 2012, Malawi atapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya Surestream mu 2011, ndipo amkhalapakati otsogozedwa ndi Joaquim Chissano, mtsogoleri wopuma wa Mozambique, mothandizana ndi Thabo Mbeki wa ku South Africa ndi Festus Mogae wa ku Botswana, sanafike pa chigamulo. Ngati atsogoleri opuma atatu sanaithe nkhaniyi, gulu lanu silidzaithera pakati pa pemphero lotsegulira ndi lipoti la msungichuma, ndipo ndi bwino kuwauza anthu zimenezi poyera.

Polemba pepalalo, pemphani Mmalawi kuti afotokoze mfundo ya Tanzania, Mtanzania afotokoze ya Malawi, ndipo mlembi asalembe kanthu mpaka eni mfundoyo atavomera kuti yanenedwa bwino. Gawo limeneli ndi lochedwetsa, mwinanso lopsetsa mitima, koma ndi limene limagwira ntchito, pakuti munthu amene wamva mawu ake akutuluka molondola pakamwa pa wotsutsana naye sakhalanso ndi chifukwa chowabwereza mwezi wamawa.

Kenako gwirizanani lamulo lakuti nkhaniyi izitsegulidwa pokhapokha pali chatsopano. Lamulo lotere si lachilendo. Mu March 2019, sipikala wa nyumba ya malamulo ku Britain, John Bercow, anachenjeza boma la Theresa May kuti silingabweretsenso pangano lomwelo lotulukira mu European Union popanda kusintha kwenikweni, potsatira mwambo wochokera mu 1604. Kwa inu, chatsopano chingakhale chikalata cha boma, kuyambiranso kwa zokambirana, kapena asodzi atagwidwa pa madzi otsutsanawo. Uthenga wakale umene wangozunguliranso pa foni si chatsopano ayi, ngakhale wouwerengayo akhale wamkulu wolemekezeka.

Musasokoneze kubwereza ndi kutukwana. Wonyoza mtundu wa mnzake apatsidwe chindapusa monga mwa malamulo a gulu, koma wongobwereza mungomuuza modekha kuti, "Abambo, mfundo yanu ili pa ndime yachiwiri, kodi pali chimene chasintha?" Membala watsopano musamukalipire akafunsa, chifukwa kwa iye nkhaniyi si yakale, mupatseni pepala akawerenge kunyumba. Pa dzina la nyanjayo, aliyense anene limene anazolowera, Malawi kapena Nyasa, popanda womudula pakamwa.

Chovuta chidzakhala kwa inu eni, popeza ndinu Mmalawi ndipo mosakayika muli ndi maganizo anu. Atanzania adzayang'anitsitsa kuti woyamba kumukhazika pansi ndi ndani. Ngati kungatheke akhale wakwanu, ndipo ngati tsiku lina mukufuna kulankhula ngati membala wamba, musiyireni wachiwiri wanu mpandowo mpaka nkhaniyo itatha.