Kodi RSVP ya pa khadi la ukwati imatanthauzanji?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi akukwatiwa, ndipo wosindikiza makhadi wawafunsa mayina oti alembe pa RSVP. Funso lawo ndi ili: "Kodi zilembo zinayizi zikuimira ankhoswe kapena a komiti? Nanga à la carte imene a kuhotela anatitchulira ndi chakudya chanji?"

Amayi, si ankhoswe, si a komitinso. Ndi Chifalansa, chidule cha répondez s'il vous plaît, kutanthauza kuti "chonde yankhani". Woitana akupempha kuti mumuuze ngati mubwera kapena simubwera. Mayina ndi manambala a foni olembedwa m'munsimo ndi a anthu olandira mayankhowo, basi.

Liwu loti vous lili m'katimo ndi laulemu, ngati "inu" wathuyu. Afalansa alinso ndi tu, amene ndi "iwe". Kwa mwana kapena mnzawo wa ponda apa nane mpondepo amati s'il te plaît, koma kwa mkulu kapena mlendo amati s'il vous plaît. Apa Chifalansa chimayenda limodzi ndi Chichewa kuposa Chingerezi cha lero, chimene mfumu ndi mwana chimangowaitana ndi liwu limodzi loti you.

Mawuwa anatipeza kudzera mwa Angerezi. Mu 1066 William wa ku Normandy, dera la ku France, anagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinkalankhulidwa kunyumba yachifumu ndi m'makhoti. M'zaka za m'ma 1700 chinali chilankhulo cha akazembe ndi anthu apamwamba ku Ulaya, choncho mawu ambiri a pa madyerero analowa m'Chingerezi osasinthidwa.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti ambirife tikaona RSVP timangoyesa chokongoletsera khadi. Sindikudabwa nazo. Kumudzi ukwati suyenderana ndi khadi: ng'oma ikalira aliyense amabwera, thobwa lili m'migolo, ufa ukachepa amayi amathamangira kunyumba kukatapa wina. M'tauni zinthu n'zowerenga. Holo ili ndi mipando yake, ophika amalipiritsa pa mbale iliyonse. Mukalipira mbale 200 n'kubwera anthu 300, amene amagona ndi njala nthawi zambiri ndi achibale ochokera kutali, amene anaima pambuyo mwaulemu pamene ena ankakankhana pamzere. Manyazi ake amagwera makolo.

Ndiye malangizo anga ndi awa. RSVP isiyeni ngati mukuikonda, koma pansi pake lembani m'Chichewa kuti "Chonde tiuzeni ngati mubwera", n'kuikapo tsiku lomaliza, milungu iwiri ukwati usanachitike. Sankhani anthu awiri, wina wakuchimuna wina wakuchikazi, amene foni zawo sizikhala zothima ndipo amayankha pa WhatsApp. Nambala yanu musaikepo. Sabata imeneyo mutu wanu udzakhala uli pa zina. Anthuwo akhale ndi kope lolembamo mayina, ndipo tsiku likakwana aimbire okha amene akhala chete.

Za à la carte, si dzina la ndiwo ayi. Carte ndi pepala la mndandanda wa zakudya, ndipo mawuwa akutanthauza kuti mlendo aliyense amasankha yekha chakudya, chilichonse ndi mtengo wake. Pa ukwati zimenezo zingakulowetseni m'ngongole, chifukwa ndalama zake mumazidziwa anthu atadya kale. Auzeni a kuhotelawo kuti mukufuna buffet (chakudya choyalidwa pamalo amodzi, alendo n'kumakatenga okha) kapena mbale ya mtengo umodzi pa munthu aliyense, ndipo mtengowo aulembe papepala musanapereke kobiri lililonse.