Zimene a Ocasio-Cortez ankalonjeza mu 2018, ndi pamene zafika

Achemwali, mwafunsa kuti a Alexandria Ocasio-Cortez, omwe mumawaona kawirikawiri pa nkhani za ku America, ankalonjeza chiyani pamene ankapikisana koyamba pa mpando wa uphungu ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, komanso ngati malonjezowo anatheka kapena inali nkhambakamwa yongokopera mavoti. Ena ayankha kale kuti mayiwa ndi achikomyunizimu, ena akuti ndi mpulumutsi wa amphawi, koma mayankho onse awiriwa sakutchula mfundo ngakhale imodzi imene iwo anaika pamaso pa ovota.

Dera limene ankafuna kuliyimira ndi la nambala 14 mu New York, lomwe limatenga mbali ina ya Bronx ndi mbali ina ya Queens, ndipo panthawiyo pafupifupi theka la anthu ake anali ochokera ku mabanja a ku Latin America. Mukafika ku Jackson Heights kapena ku Corona mupeza sitima ya nambala 7 ikudutsa pamwamba pa msewu wa Roosevelt Avenue, pansi pake amayi akugulitsa zakudya ndi zipatso m'tingolo, ndipo ambiri mwa odutsa pamenepo ndi ophika m'malesitilanti, oyendetsa matakisi ndi osamalira okalamba. Mpandowo unali m'manja mwa a Joe Crowley, omwe analowa m'nyumba ya malamulo mu 1999 ndipo anali achinayi pa udindo pakati pa aphungu a chipani cha Democratic. Pa chisankho chachipulula cha pa 26 June 2018, a Ocasio-Cortez, ali ndi zaka 28, atangosiya kumene ntchito yoperekera zakumwa pa bala ina ku Manhattan, anapeza mavoti pafupifupi 17,000 pamene a Crowley sanakwanitse 13,000.

Mfundo imene inali patsogolo pa zonse inali ya zaumoyo, yotchedwa Medicare for All, ndipo ndi imene ndikufuna kuti muimvetse bwino. Ku America munthu akadwala, ndalama za kuchipatala zimalipidwa ndi inshulansi, imene ambiri amaipeza kudzera kwa owalemba ntchito, moti ntchito ikatha inshulansi nayonso imatha. Boma lili ndi ndondomeko ya Medicare, imene inakhazikitsidwa mu 1965 pa ulamuliro wa a Lyndon Johnson, koma makamaka imathandiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo. Mu 2018 anthu oposa 27 miliyoni analibe inshulansi ya mtundu uliwonse, chonsecho dzikolo linagwiritsa ntchito madola 3.6 thiriliyoni pa zaumoyo chaka chimenecho, ndalama zoposa zimene dziko lina lililonse limaononga pa munthu mmodzi. Ganizo lawo, lomwe senata Bernie Sanders anali atalitchukitsa kale mu 2016, linali loti boma lizilipirira aliyense kuchokera ku misonkho, makampani a inshulansi achoke pakati pa wodwala ndi dokotala. Otsutsa ankati izi zikweza misonkho kwambiri, ndipo kafukufuku wa bungwe la Mercatus Center mu July 2018 anapeza kuti boma likanawonjezera madola 32.6 thiriliyoni pa zaka khumi. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma ine ndimaona kuti mfundoyi ndi imene inali yolimba kuposa zonse, chifukwa mabanja akulipira kale ndalama zimenezo mwezi ndi mwezi ku makampani, ndipo woperekera chakudya amene wathyoka mwendo sayenera kuyamba waganiza za ngongole asanaitane ambulansi.

Pa nkhani ya ntchito ankafuna kuti malipiro otsikitsitsa m'dziko lonse afike pa madola 15 pa ola, kuchoka pa madola 7.25 amene anakhazikitsidwa mu 2009. Chochititsa chidwi n'chakuti mzinda wa New York unali utatsala pang'ono kufika kale pa madola 15, kotero apa ankalankhulira kwenikweni antchito a ku Mississippi kapena ku Texas, omwe sakanawavotera n'komwe. Ankafunanso kuti maphunziro a m'makoleji a boma akhale aulere, ndende zoyendetsedwa ndi makampani zithe, ndiponso kuti boma lizipereka ntchito kwa aliyense woifuna. Lonjezo lomalizali sindinaligwirizane nalo kuyambira pachiyambi, pakuti panalibe kufotokoza kogwira mtima kuti ntchitozo zidzakhala zotani ndipo adzaziyang'anira ndani.

Nkhani imene inautsa mapiri pachigwa inali yofuna kuthetsa bungwe la ICE, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo limagwira ndi kubweza kwawo anthu opanda zikalata zokhalira m'dzikomo. M'miyezi ya kampeniyo boma la a Donald Trump linkalekanitsa ana ndi makolo awo m'malire a dzikolo ndi Mexico, ndipo kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote, a Ocasio-Cortez anasiya dera lawo n'kupita ku Tornillo, ku Texas, kumene ana ankasungidwa m'matenti. Abale athu amene akukhala ku America ndi mapepala osalongosoka akudziwa mantha a kugogoda kwa m'mamawa pachitseko, choncho sindikupeputsa ululu umene unabala mfundoyi. Komabe ntchito yolekanitsa mabanja m'malire inkachitidwa makamaka ndi apolisi olondera malire osati ICE, ndipo mawu oti kuthetsa anapatsa adani awo chibonga chowamenyera, mwakuti ngakhale aphungu anzawo ambiri anawakana. ICE ilipo mpaka lero, ndipo mu 2025 Congress inaiwonjezera ndalama zankhaninkhani.

Tsono chimene chinkamanga mfundo zonsezi pamodzi, chimenenso ndikukhulupirira kuti chinawapambanitsa, chinali kukana ndalama za kampeni zochokera ku magulu andale a makampani. Uthenga wawo kwa ovota unali woti phungu amene wadya ndalama za makampani a mankhwala, a nyumba zobwereketsa ndi mabanki sangakweze dzanja kutsutsana nawo, ndipo a Crowley, omwe anali ndi ndalama zochuluka kuwirikiza kakhumi ndi kupitirira, anapereka okha umboni pamene analephera kufika pa mtsutso wina n'kutumiza munthu wowayimira.

Ku funso lanu lachiwiri, yankho loona ndi lakuti palibe limodzi mwa malonjezo akuluakuluwa limene lasanduka lamulo monga momwe analinenera. Phungu ku House of Representatives, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress, ndi mmodzi mwa anthu 435, bilu imafunika mavoti 218 kuti idutse, kenaka ikafike ku Senate, nyumba inayo, kumene mwa masenata 100 pamafunika 60 pa mabilu ambiri, isanasainidwe ndi pulezidenti. Bilu ya madola 15 inadutsa ku House mu July 2019 koma inakafera ku Senate, ndipo poyesanso mu March 2021 inapeza mavoti 42 okha, moti malipiro aja akadali pa madola 7.25. Medicare for All inangofika pokambidwa m'makomiti, sinavoteredwepo m'nyumba yonse.

Pamene pakuoneka phazi lawo ndi pa kusintha kwa nyengo. Mu February 2019, pamodzi ndi senata Ed Markey, anabweretsa chikalata cha Green New Deal, chofuna kuti dzikolo lichoke pa malasha ndi mafuta uku likupanga ntchito zatsopano za magetsi a dzuwa ndi mphepo. Chikalatacho chinagwa ku Senate mwezi wotsatira popanda voti ndi imodzi yomwe yochivomereza, koma chinakakamiza aliyense wofuna upulezidenti m'chipani chawo kuti atulutse ndondomeko yake ya nyengo. Mu August 2022 a Joe Biden anasaina lamulo la Inflation Reduction Act, lomwe linaika madola pafupifupi 370 biliyoni pa mphamvu zosaononga chilengedwe, linapatsa Medicare mphamvu yonenerera mitengo ya mankhwala ena, ndipo linaletsa kuti okalamba azilipira kuposa madola 35 pamwezi pa insulin, mankhwala a matenda a shuga. Sindinganene kuti lamuloli analemba ndi iwo, koma sindikhulupirira kuti likanakula chomwecho pakanapanda phokoso limene iwo ndi achinyamata owatsatira anayambitsa.

Pali voti imodzi imene mpaka pano imandivuta. Mu November 2021 anali mmodzi mwa aphungu asanu ndi mmodzi a chipani chawo amene anakana bilu yokonzera misewu, milatho ndi njanji, ponena kuti ikadutsa yokha, bilu inzake yothandiza mabanja ndi ana isiyidwa. Bilu inzakeyo inasiyidwadi ku Senate mwezi wotsatira, kutanthauza kuti anaona patali, koma anthu okwera sitima ya nambala 7 ankafunikanso ndalama zanjanjizo, ndipo ine ndikanakonda akanavomera uku akupitiriza kumenyera inayo. Ovota a m'dera lawo sanawasungire mangawa pa zimenezi, popeza anawasankhanso mu 2022 ndi mu 2024.