Madzi a car wash si a ngalande ya pamsewu

Mwafunsa ngati madzi otsukira magalimoto mungawatayire mu ngalande. Ayi achimwene, paipi ya car wash yanuyo musailozetse mu ngalande ya pamsewu, ngakhale bilida wanu akukuuzani kuti aliyense amatero. Ngalande imeneyo ndi ya madzi a mvula basi. Sidutsa kumalo oyeretsera suweji. Chimene mwathiramo kuno ku Blantyre chimatsikira mu Nasolo, mu Naperi kapena mu Mudi momwe chilili, mpaka kukafika ku Shire. Amene munaimapo pa mlatho wa Mudi kumunsi kwa Makata mwezi wa Okutobala, fungo lija mukulidziwa.

Ndipo vuto lake silioneka tsiku loyamba, n'chifukwa chake anthu amanamizana. Chilimwe chonse mukutsuka mainjini, oyilo wakuda ndi girisi zikukakamira m'mbali mwa ngalande, zikugwirana ndi fumbi, majumbo, mabotolo ndi zitsononkho. Madzi akuyenda pang'ono, aliyense ali phee. Kenako mvula yoyamba ya Novembala igwa theka la ola. Zonse zija zinyamuka nthawi imodzi, zikatseka kalavati wa pansi pa msewu, madzi n'kubwerera m'mbuyo. Sabwerera kwa inu, inu muli kumtunda. Amalowa m'nyumba ya kumunsi, usiku, madzi akuda bii pamwamba pake pakunyezimira mafuta. Mphasa, thumba la ufa, makala, makope a ana, zonse zanyowa ndipo zikununkha dizilo. Pansi pa simenti pakuterera, mukakolopa ndi sopo mafutawo akungofalikira. M'mawa mayi atunga ndowa pachitsime cha pabwalo, pamwamba pa madzi pali kansalu ka mafuta. Kuwiritsa sikuchotsa oyilo. Klorini amapha tizilombo koma oyilo samukhudza. Banja lija liyamba kugula madzi kukiyosiki, chitsime chawo chili pomwepo, ndipo mwini car wash akafunsidwa amangoti "si ine ndekha amene ndimathiramo". Yankho limeneli limandiwawa kwambiri, chifukwa ndi loona, koma ufa wa mayi uja suuma nalo.

Amene amandikwiyitsa zedi ndi mabilida ena amene amalandira ndalama ya zipinda zitatu zosefera mafuta, maenje omangidwa amene madzi otsukira amadutsamo kuti oyilo atsalire, n'kumangadi zipinda zitatu zokongola, koma mapaipi ake owongoka, onse pa levulo imodzi. Oyilo amayandama, ndiye amangodutsa pamwamba kuchoka chipinda choyamba mpaka kunja ngati palibe chomwe chamangidwa. Mwini malo akuganiza kuti watsatira lamulo. Enanso ndi eni nyumba za lendi amene amadikira mvula yamphamvu kuti atsegule sepitiki thanki usiku, zonyansa zitsike ndi ngalande. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, koma khalidweli silinathe.

Za malamulo mwachidule. Environment Management Act ya 2017, imene inakhazikitsa MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, imaletsa kutaya zowononga chilengedwe, ndipo mfundo yake ndi yakuti wowononga ndiye alipire. Water Resources Act ya 2013 imafuna chilolezo cha National Water Resources Authority musanatulutsire madzi oipa mumtsinje. Local Government Act ya 1998 imapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo, ndiye khonsolo ya mzinda ndi imene imaona mapulani anu, layisensi ya bizinesi ndi nkhani za ukhondo. Akakupezani, pali chindapusa, ndipo atha kukutsekerani malo.

Tsopano kamangidwe. Silabu yotsukirapo ikhale yotsetsereka masentimita 1 mpaka 2 pa mita iliyonse, kulozera ku kangalande kanu ka pakati kokhala ndi chitsulo cha mipata pamwamba, osati kulozera kumsewu. Kuzungulira silabu ikani mzere umodzi wa njerwa, masentimita 10 mpaka 15, kuti madzi anu asatuluke komanso a mvula ochokera kumtunda asalowe. Denga musalinyoze. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Silabu ya mamita 6 ndi 10 ikalandira mvula ya mamilimita 30, ndi malita 1,800 olowa m'zipinda zanu pakanthawi kochepa, ndipo amakankha oyilo yense amene anasonkhana. Madzi a padenga okhawo ndi amene ali ndi ufulu wopita mu ngalande ya pamsewu, kudzera mu gata yawoyawo, osakhudza silabu.

Madzi akachoka pa silabu ayambe alowa m'dzenje la mchenga, mita imodzi m'litali, masentimita 60 m'lifupi, 80 kuya, paipi yotulukira ili chakumwamba. Matope a m'matayala amakhala pamenepa. Mukalidumpha dzenje limeneli, zipinda za mafuta zimadzaza matope msanga n'kusiya kugwira ntchito.

Kenako zipinda zitatu, chilichonse masentimita 90 mbali zonse, madzi akuya pafupifupi mita imodzi, ndiye kuti malita ngati 800 pachipinda. Mapaipi a PVC a mamilimita 110. Chinsinsi chonse chili pa T, cholumikizira mapaipi chooneka ngati chilembo T. Paipi iliyonse yochoka m'chipinda kupita china ikhale ndi T, mwendo wake wapansi utsike masentimita 40 mpaka 50 pansi pa levulo ya madzi, wapamwamba ukhale wotsegula kuti mpweya uzipita. Motero madzi otuluka amachokera pakati, oyilo amatsala pamwamba, matope pansi. Paipi yotulukira ikhale masentimita 5 kutsika poyerekeza ndi yolowera. M'kati pakani pulasitala wa simenti imodzi ku mchenga utatu. Musanamulipire bilida ndalama yomaliza, dzazani madzi, lembani chizindikiro pakhoma, muone mawa lake. Akatsika ndiye kuti pakudontha, ndipo oyilo azilowa m'nthaka inu osaona. Zipindazo zizikhala zodzaza madzi kuyambira tsiku loyamba, zikakhala zouma T sagwira ntchito. Zivundikiro zikhale zoti anthu awiri n'kunyamula, osati silabu yomatiratu ndi simenti.

Sabata iliyonse tsegulani, pisani ndodo. Oyilo akafika masentimita 5, muwengeni ndi chitini mumuthire mu dilamu ya malita 200 yokhala pamthunzi, pa simenti, yotseka. Matope akafika gawo limodzi mwa atatu, akokoloreni. Ndipo chitani zimenezi mu Okutobala mvula isanayambe, osati itayamba. Oyilo wakaleyo musathire pamsewu kuti muphe fumbi, musamutenthe, mupatseni wogula amene ali ndi chilolezo.

Madzi ochoka m'chipinda chachitatu alowe mu suweji ngati ilipo pafupi ndipo mwaloledwa kulumikiza. Ngati kulibe, dzenje la miyala lomwetsera madzi m'nthaka, kutali ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, ndipo osati padambo pamene madzi ali pafupi ndi pamwamba.

Koma ndikuuzeni zoona, ngakhale zipinda zomangidwa bwino zimagonja ndi sopo. Sopo wambiri, mankhwala osungunula girisi ndi makina opopera madzi mwamphamvu zimaswa oyilo kukhala timadontho tosaoneka, madzi amaoneka otuwa ngati mkaka, ndipo oyilo wotere sayandamanso, amadutsa pa T bwinobwino. Madzi a mu radiyeta okhala ndi mankhwala oziziritsa injini, brake fluid ndi asidi wa batire zimasungunuka m'madzi, zipinda sizingazigwire n'komwe, ndiye zisungeni padera. Injini muyambe mwaipukuta ndi sanza, sanzazo zipite mu dilamu ina.

Ndiye ngati ndalama sizikukwana, musamange zipinda za theka. Bola yambani ndi ndowa ndi nsalu, pamalo othira miyala ya kwale, mutsuke bodi ndi matayala okha, mainjini muziwakana mpaka mutamanga zenizeni. Makasitomala ena apita kwina, inde. Ndipo musanakumbe chilichonse pitani kukhonsolo, ku dipatimenti ya zomangamanga ndi ya zaumoyo, ndi pulani yojambula yoonetsa komwe madzi a mvula akupita ndi komwe madzi otsukira akupita. Chimene akulolani chikhale cholembedwa ndi chidindo, chifukwa tsiku limene aneba akumunsi adzakadandaule, wobwera kudzayendera akhoza kudzakhala wina amene simunalankhule naye.