Kodi siginecha ya pa kompyuta ili ndi mphamvu kukhothi?

Funso: Ndimaoda zipangizo za galimoto ku kampani ina ya ku Johannesburg. Posachedwapa anditumizira mgwirizano pa imelo ndipo akuti ndisainire pa kompyuta pomwepo, m'malo motumiza mapepala pa basi monga tinkachitira kale. Kodi katundu atapanda kufika, khothi lingailemekeze siginecha yotereyi?
Wamalonda wa ku Limbe

Yankho: Inde, lingailemekeze. Kuno ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza kuti chikalata chofunika kusainidwa chisainidwe pa makina, ndipo ku South Africa lamulo lofanana nalo lakhala likugwira ntchito kuyambira 2002. Choncho mgwirizano wanuwo sungakanidwe chabe chifukwa chakuti simunagwire cholembera.

Nkhani imakula pa umboni. Mkangano ukabuka, woweruza adzafuna kukhutira kuti siginechayo ndi yanu osati ya wina, kuti njira yosainira inali m'manja mwanu nthawi imeneyo, komanso kuti wina atasintha mtengo kapena tsiku lobweretsa katundu mutasaina kale, kusinthako kungaonekere. Apa ndi pamene amalonda ambiri amadzipweteka. Amasaina papepala, kujambula ndi foni, kenako kumata chithunzicho pansi pa mgwirizano, osadziwa kuti aliyense amene walandira fayiloyo akhoza kuchidula nkukachiika pa chikalata china chimene iwo sanachiwerengepo. Ndikukulangizani mwamphamvu kuti njira imeneyi muisiye.

Pemphani kampaniyo kuti igwiritse ntchito pulogalamu yosainira imene imatumiza nambala yachinsinsi ku foni yanu, imalemba tsiku ndi ola limene mwasaina, ndiponso imatseka chikalatacho kuti chisasinthidwenso. Nambalayo muisamale monga mmene mumasamalira PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, chifukwa mukapatsa mnyamata wa m'shopu nkusaina m'dzina lanu, kudzakuvutani kukana ngongoleyo. Sungani maimelo onse, mauthenga a pa WhatsApp ndi malisiti a kubanki, pakuti ndi zimene zimasonyeza kuti mbali zonse zinamvana.

Musanasaine, fufuzaninso ndime yonena za khothi limene lidzaweruze mlandu, chifukwa ikatchula la ku South Africa, mudzayenera kulemba loya kumeneko. Dziwaninso kuti zikalata zina zili ndi malamulo akeake. Wilu ku Malawi imasainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo ku South Africa mgwirizano wogula nyumba kapena malo sungasainidwe pa kompyuta.