Kwa mayi wa ku Chawama: mwanayo musamubise

Mayi anzanga, mwalemba kuti mnyamata wanu wa zaka 7 sayenda bwino ndipo amataya malovu chifukwa cha vuto la mu ubongo limene anabadwa nalo, ndiponso kuti anansi amaitana ana awo akangomuona panja. Mwafunsa ngati anthu a mu Lusaka ndi oipa mtima chonchi, komanso ngati kuli bwino kumutumiza kumudzi kwa agogo ake. Ine ndikuti musamutumize, ndipo musamutsekere m'nyumba.

Ambiri mwa anansi anuwo si ankhanza ayi, ndi amantha. Anakula akumva kuti mayi wapakati akayang'ana mwana wolumala adzabereka wotero, kuti malovu ake amapatsirana matenda, kuti bambo ake anakhwimira chuma, kapena kuti mayi anayenda njira ali ndi pakati. Zonsezi n'zabodza. Vuto ngati la mwana wanu limabwera kawirikawiri mwana akabadwa masiku asanakwane, akasowa mpweya pobadwa, kapena akadwala chikasu chachikulu ngakhale malungo a mu ubongo ali wamng'ono. Silipatsirana, ndipo inu simunalakwe kanthu. Izi muwauzenso apongozi anu ngati ayamba kukulozani chala.

Koma mantha satha ndi kufotokozera kokha, amatha munthu akazolowera. Taonani m'mabasi athu opita ku tauni. Kondakitala wina akaona munthu wa pa njinga ya olumala amayang'ana kumbali, wina amamulipiritsa mipando iwiri. Koma amene ali ndi m'bale wotere kunyumba amatsika yekha, n'kupinda njingayo, n'kufunsa kuti "Ndikugwireni pati, bambo?" Onsewa akuthamangira ndalama ya abwana, kusiyana kwake n'kwakuti mmodzi anakhalapo pafupi ndi munthu wolumala.

Chimene chimandipweteka ine ndi chisoni chija chongoimira patali. Munthu amaponya K5 m'manja mwa mwana, n'kutembenukira kwa inu kuti "Kodi amamva?" mwanayo ali pomwepo, akumva zonse. Woteroyo amapita akudziona kuti wachita bwino, koma sanafunse n'komwe dzina la mwana. Paja akulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi za pamsewu, sitiroko ndi shuga zikulumaza anthu amene dzana ankayenda okha.

Ndiye madzulo ana akamasewera, myalireni mphasa pakhomo, mpira ukhale m'manja mwake. Ana amabwera okha, ndipo mafunso awo ndi osabisa: "Chifukwa chiyani sayenda?" Muwayankhe bwinobwino, muwauze dzina lake ndi zimene amakonda. Sankhaninso mayi mmodzi amene mumatunga naye madzi, mumufotokozere zonse. Iyeyo akamunyamula pamaso pa anzake, enawo amayamba kufewa. Ena sadzasintha, amenewo asakuthereni mphamvu.

Simuli nokha. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 anapeza kuti anthu 7.7 pa 100 alionse m'Zambia ali ndi ulumali. Lamulo la anthu olumala la 2012 limaletsa kuwasala, ndipo limati mwana wanu ali ndi ufulu wophunzira. Maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere kuyambira 2022, choncho pitani kwa ahedi mukafunse malo. Mukamulembetse ku ZAPD, bungwe la boma loona za anthu olumala, kuti apeze khadi la olumala, ndipo mufunse a Social Welfare za Social Cash Transfer, ndalama zimene boma limapereka kwa mabanja osauka, chifukwa banja limene lili ndi munthu wolumala kwambiri limalandira ndalama zochulukirapo. Ku UTH, chipatala chachikulu cha mu Lusaka, kuli madokotala olimbitsa mafupa ndi minofu, ndipo chipatala cha Beit CURE chimathandiza ana a mavuto a miyendo. Thandizo lotere kumidzi yambiri lili kutali, n'chifukwa chake ndikukana zomutumiza.

Bambo ake nawonso azimunyamula, kupita naye kutchalitchi ndi kumsika anthu akuona. Pulotipo pakamwa pambiri pamatsekeka bambo akaonetsa poyera kuti uyu ndi mwana wanga.