Tifunseni: Kodi a Phiri ali ndi chishango cha banja lawo?

FUNSO: Mwana wa mlongo wanga amene akugwira ntchito ku Leeds wanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha chishango chimene anagula pa intaneti, ndipo akuti ndicho chizindikiro cha makolo a banja la a Phiri. Pachishangopo pali mkango woimirira ndi miyendo yakumbuyo, pamwamba pali chisoti chachitsulo chokhala ndi nthenga, pansi pali mawu a Chilatini amene kwathu kuno palibe amene akuwamva. Abale akufuna tichisindikize pa malaya ndi pa nsalu zovala pa mwambo womanga chiliza cha malemu agogo athu. Kodi chizindikirochi n'chathudi? Bambo Phiri, Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Bambo Phiri, musafulumire kupita nacho kwa osindikiza. Chishangocho si cha makolo anu, ndipo ngakhale ku England kumene chagulidwako, lamulo silidziwa chishango cha anthu onse a dzina limodzi. Chizindikiro chotere, chimene Angerezi amachitcha coat of arms, chimapatsidwa kwa munthu mmodzi, ndipo chimatsika kwa ana ndi adzukulu ake kutsata mzere wa abambo. Munthu wina wa dzina lomwelo amene sali pa mzerewo alibe nacho gawo. Ogulitsa a pa intaneti amadziwa zimenezi, koma amangotola chishango cha munthu wina wakale kapena kupeka chawo, n'kulemba pansi dzina lililonse limene wogula watchula.

Mwambowu unayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1100, pamene ankhondo okwera pa akavalo ankavala zisoti zobisa nkhope, moti chojambula cha pachishango ndi cha pambendera ndicho chinkauza anzawo kuti uyu ndi yani. Pambuyo pake chojambulacho chinalowa pa zidindo zotsimikizira makalata a malo ndi a chuma, ndipo apa m'pamene chinasanduka nkhani ya malamulo. Ku London kuli bungwe la College of Arms, limene linakhazikitsidwa ndi mfumu Richard III m'chaka cha 1484, ndipo mpaka lero ndilo limapereka ndi kusunga zizindikirozi pa mtengo wa mapaundi zikwi zingapo. Ku Scotland ntchitoyi ili m'manja mwa Lord Lyon ku Edinburgh, amene ali ndi bwalo lake la milandu, ndipo lamulo la 1672 limaletsa munthu kugwiritsa ntchito chishango chosalembetsedwa m'kaundula.

Anthu a ku Scotland ndiwo amayandikira pang'ono zimene abale anu akulakalaka, chifukwa nawonso ali ndi mafuko monga Campbell ndi MacDonald. Komabe chishango chonse ndi cha mkulu wa fuko yekha. Ena onse amaloledwa kuvala kachizindikiro ka pamwamba kokha, kozingidwa ndi lamba wokhala ndi chomangira chake, kusonyeza kuti iwo ndi anthu a mkuluyo.

Kuti mumvetse mmene chizindikiro chenicheni chimamangidwira, tengani pasipoti yanu muyang'anitsitse pachikuto. Chizindikiro cha dziko lathu chinaperekedwa pa 30 June 1964, kutatsala masiku ochepa kuti tilandire ufulu. Pakati pali chishango chogawidwa patatu: pamwamba mizere yokhotakhota yoyera ndi ya buluu yoimira nyanja, pakati mkango wagolide pa malo ofiira, ndipo pansi dzuwa lagolide likutuluka pa malo akuda. Dzuwalo, pamodzi ndi kambuku, zinachokera pa chizindikiro cha Nyasaland cha 1914, chimene mawu ake anali Lux in Tenebris, kutanthauza kuwala mu mdima. Pamwamba pa chisoti pali nkhwazi yotambasula mapiko, ndipo gawo limeneli lokha ndilo akatswiri amalitcha crest, ngakhale ogulitsa amatcha chithunzi chonse family crest. Mkango ndi kambuku zogwirizira chishango m'mbali zimatchedwa supporters, ndipo zaima pa chithunzi cha phiri la Mulanje, pamwamba pa mawu akuti Unity and Freedom. Ku England nyama zogwirizirazi sizipatsidwa kwa munthu wamba, koma kwa akuluakulu a maudindo ena, mizinda ndi mabungwe ochepa.

Chizindikiro chilichonse chovomerezeka chimayamba ndi kufotokozedwa m'mawu, ndipo kafotokozedweko kamatchedwa blazon. Mawu ake ambiri ndi a Chifalansa chakale: gules ndi kufiira, azure ndi buluu, sable ndi kuda, vert ndi kubiriwira, pamene or ndi golide ndipo argent ndi siliva. Lamulo lalikulu ndi lakuti golide kapena siliva asakhale pa mnzake, ndipo mitundu inayo isakhale pa inzake, kuti chojambula chizioneka munthu ali patali. N'chifukwa chake mkango wa pakati pa chishango chathu ndi wagolide pa malo ofiira, osati wakuda. Ngakhale dzanja lamanja limawerengedwa kuchokera kwa wonyamula chishango, kotero mkango wogwirizira chishango umene inu mukuuona kumanzere, m'mabuku umalembedwa kuti uli kumanja.

Tibwere kwathu tsopano. Mfunda wa Phiri ndi waukulu ndi wakale kuposa mabanja ambiri amene ali m'kaundula wa ku London, pakuti ndiwo unkatulutsa a Kalonga a ufumu wa Maravi ku Mankhamba, koma ulemerero umenewo sunajambulidwe pa chishango. Unkayenda m'dzina, m'malonje, m'kuitana mayi kuti Naphiri, ndiponso m'mbiri imene akuluakulu ankasungira mbumba. Chishango chimene ambiri timachidziwa ndi chachikopa cha ng'ombe, chimene Angoni a ku Ntcheu, Dedza ndi Mzimba amavina nacho ngoma, ndipo chimenecho ndi cha nkhondo ndi cha gule. Kuika chisoti cha msilikali wa ku Ulaya pa chiliza cha agogo a Chichewa, kwa ine, n'kuwapatsa mbiri ya eni ake.

Ngati banja likufunabe chizindikiro, lipange lake, ndipo linene poyera kuti n'chatsopano. Khalani pansi ndi mwini mbumba ndi azakhali, musankhe zinthu ziwiri kapena zitatu zimene agogowo ankadziwika nazo, kaya ndi khasu, nkhokwe, mtengo wa pabwalo kapena phiri la kumudzi kwanu, mitundu isapitirire itatu kuti wosindikiza asavutike, ndipo mawu a pansi akhale a Chichewa. Chimodzi chokha musamale nacho: musatengere chizindikiro cha boma kapena kuchisintha pang'ono kuti chikhale chanu, chifukwa lamulo la Protected Flag, Emblems and Names Act limaletsa kuchigwiritsa ntchito popanda chilolezo.