Kodi ndilipire maphunziro a mikanda, kapena YouTube ikwanira?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Akuti chatha chaka akuumba mikanda ya dongo lotchedwa polymer clay poonera pa YouTube, koma mikandayo imasweka ikangovalidwa kawiri, ndipo maluwa ake amatuluka opotoka. Wamva za maphunziro a masiku awiri, ndiye akufunsa ngati n'kwanzeru kulowetsako ndalama.

Achemwali, pitani. Koma musanalipire, afunseni kaye ngati mikanda mudzawotchere komweko. Akati mukawotchere kunyumba, ndalama yanu isungeni.

Ndikutero chifukwa vuto lanu lalikulu ndi moto. Dongo limeneli si lakudambo lija agogo ankaumbira mbiya. Ndi pulasitiki ya PVC yofewetsedwa, ndipo imalimba pokhapokha ikapsa ndi kutentha koyenera. Dongo la mtundu wa Fimo limafuna madigiri 110 a Celsius kwa mphindi 30, pamene la mtundu wa Premo limafuna 130 kwa mphindi 30 pa mamilimita 6 alionse a kunenepa kwa mkanda. Inenso mikanda yanga inkaphwanyika ngati bisiketi. Tsiku loyamba la maphunziro, mphunzitsi wathu anaika thermometer, kachipangizo koyezera kutentha, mu uvuni n'kutiitana kuti tione. Batani linkaloza pa 130, koma muvi wam'kati unaima pa 110. Kenaka anatipatsa tizidutswa tiwiri topyapyala kuti tipinde. Kosapsa kanangoti thyo! Kakupsa kanawerama n'kubwerera. Pobwerera kunyumba ndinadzera kogula thermometer, ndipo uvuni wanganso unali wabodza chimodzimodzi. Pambaula pokha musayesepo, dongoli likapserera limatulutsa utsi woipa wotsamwitsa.

Za maluwa opotokawo, apa m'pamene kanema amalephera kwenikweni. Luso limeneli amalitcha millefiori, ndipo oumba dongoli anatengera kwa amisiri a magalasi, monga a ku Murano ku Venice, m'dziko la Italy. Umasanja mitundu n'kupanga chimpukutu chonenepa chokhala ndi duwa m'kati mwake, n'kuchichepetsa, kenaka n'kumadula ngati buledi. Kanema akuonetsani zala, koma sangakuuzeni kuti zalazo zikufinya mwamphamvu bwanji. Ine ndinkangogubuduza patebulo ngati ndikupanga chingwe, duwa n'kumapotokera m'katimo. Mphunzitsi anabwera, anagwira manja anga ndi ake, n'kundionetsa kufinya kuyambira pakati kupita kunsonga, pang'onopang'ono, uku ndikutembenuza. Atatero anandilanda lezala, nati ndisiye chimpukutucho chizizire kaye, poti dongo lofunda limaphwatalala ukamadula. Ndimakumbukirabe kagawo koyamba katagwa pa thailosi, duwa lili ndi masamba ake asanu onse bwinobwino. Ndinakhala chete kanthawi ndithu.

Zina mudzazitola msanga: kusakaniza mitundu iwiri kuti ilowerane mosaoneka malire, njira yotchedwa Skinner blend potengera dzina la Judith Skinner, komanso kuboola mkanda ndi singano kuchokera mbali zonse ziwiri kuti pakamwa pasatuluke mlomo.

Funsaninso kuti mudzakhala angati. Mukapitirira khumi, manja a mphunzitsi sadzafika pa inu.

Ndipo chonde, mikanda yoswekayo musataye, musachitenso nayo manyazi. Iikeni m'kabotolo mupite nayo, mukaikhuthulire patebulo pamaso pa mphunzitsi. Wodziwa ntchito akangoona posweka adzakuuzani ngati unali moto wochepa, mpweya wotsekeredwa m'kati, kapena dongo losakandidwa mokwanira. Mukabwerako mundilemberenso, ndikufunitsitsa kumva zomwe adzapeze.